Nkhupakupa za pa Mulu wa Njerwa

Galu ndinamutola kwa Biwi, pansi pa minibasi yakufa yomwe inakhala pamiyala zaka zambiri kuseri kwa galaja yathu. Make anali atagundidwa pamsewu. Ana anzake anthu anali atagawana kale, iyeyu n'kutsala chifukwa anali wamkazi, ndipo galu wamkazi anthu samufuna, amati amadzaza bwalo. Ndinamuika m'katoni n'kukwera naye minibasi yopita kwa Chinsapo. Kondakitala ankafuna kuti katoniyo ilipire ngati munthu, ndiye tinatukwanana kuyambira mudepoti mpaka pomwe ndinatsikira.

Za kupsa mtima kwanga bola ndineneretu pano. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 nditagenda mnzanga ndi mpando chifukwa chondiseka nsapato. Kwa malume ku Kawale ndinachokako titakangana pa nkhani ya wailesi, ndipo nyumba ziwiri zomwe ndinachita lendi pambuyo pake ndinatulukamo chaka chisanathe, konseko nkhani yake imodzimodzi. Sindikunyadira, sindikudandaulanso, ndi mmene zinalili basi. Kugalaja ankandisunga chifukwa bawuti yokanika ndinkaimasula ndine. Pakamwa pangapa ankangopapirira.

Poloti yomwe ndimakhala kwa Chinsapo ndi ya mayi ena amasiye a ku Ntcheu, omwe tonse timangowaitana kuti masteni. Iwo amakhala m'nyumba yaikulu kutsogolo, ife a lendi mumdadada wa zipinda kuseri. Khomo loyandikana ndi langa ndi la mmisiri womanga nyumba wa ku Dedza, munthu wosalankhulalankhula, mkazi wake, ndi mwana wawo wamkazi yemwe nthawi imeneyo anali atangoyamba kukwawa. Masteni galu sankamufuna poyamba. Anamulola ataona kuti chibwerere iye, ndowa ndi zovala zapachingwe zasiya kusowa. Kwa ine iyi inali poloti yoyamba kukhalapo zaka ziwiri, ndipo galuyo anali chinthu chokhacho chamoyo chomwe ndinakhala nacho nthawi yonseyo osayambana nacho.

Kumapeto kwa mdadadawo, moyandikana ndi khoma la chipinda cha anebawo, kunali mulu wa njerwa zowotcha. Anaumbitsa ndi malemu amuna a masteni, ati ankafuna kuwonjezera zipinda, koma anamwalira asanakumbe maziko. Njerwazo zinangokhala, udzu n'kumera pamwamba, ndipo palibe ankaloledwa kutengapo ngakhale imodzi yoti achite fuwa. Pakati pa muluwo ndi khoma panali kampata kozizira bwino. Galu anadzisankhira yekha pamenepo, ine n'kumuyalira chiguduli.

Lamulungu lililonse anthu akapita kutchalitchi ku Likuni, poloti inkatsala ya ine ndi galu. Ndinkakhala pa njerwazo, iye atatsamiritsa mutu pamwendo panga, n'kumamuchotsa nkhupakupa. Zinkakonda m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala zakumapazi. Mmene ndinkaonera ine zinalipo za mitundu iwiri: zing'onozing'ono zofiirira zothamanga, ndi zikuluzikulu zotuwa, zofufuma ngati nsatsi. Zing'onozo ndinkaziphwanya ndi chikhadabo. Zikuluzo ayi, chifukwa ukaifinya imaphulika magazi akuda n'kukuthimbiriritsa buluku. Ena amaziponya pambaula, koma ine mbaula sindinkayatsa kawirikawiri, ndinkadya pachiimilire kwa Biwi. Choncho ndinkangoizula n'kuiponya m'mipata ya njerwa. M'mutu mwanga nkhani inali yosavuta: nkhupakupa imadya pa galu, ukaichotsa pa galu ifa ndi njala. Ndinachita zimenezi kwa chaka ndi miyezi, ndikudziona ngati munthu wosamala chiweto kuposa aliyense m'dera lathu.

Koma m'malo mochepa zinkachuluka. Pofika nyengo yotentha m'makutu mwa galu munali ngati wina wamatamo nyemba. Anayamba kuonda, kudya mwaulesi, usana wonse kumangodzikanda ndi kupukusa mutu. Tsiku lina ndinawafotokozera abwana anga, makaniko wamkulu wa pagalaja, iwo ali pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka.

"Nkhupakupa? Iwe, mankhwala ukuwaponda tsiku lililonse," anatero. "Oyilo wakutha uyu. Ukamupake thupi lonse, zikabanika zokha. Kwathu nkhumba za mphere timazichita choncho. Tandipatsire sipanala iyo."

Ndinatunga oyilo wakuda m'kachigubu, ndipo Loweruka masana ndinamupaka galu kuyambira kumutu mpaka kumchira. Anaoneka ngati watuluka m'injini. Nditangomusiya anayamba kudzinyambita. Pofika madzulo anali akusanza, m'mawa mwake akutsegula m'mimba, osafuna ngakhale madzi. Koma asanagone pansi anali atadutsa kale kunsi kwa chingwe cha aneba n'kudzikhula pa matewera omwe mayi a mwana anali atangochapa kumene.

"Achimwene, taonani zomwe wachita galu wanu," anatero mayiwo atanyamula thewera limodzi m'mwamba.

"Chingwe chanucho n'chotsika. Kwezani."

Tinasiyana choncho. Galu ndinamusambitsa katatu ndi sopo wochapira zovala. Anagona masiku awiri, lachitatu n'kudzuka, koma ubweya wapamsana unasosoka n'kutsala chikopa chofiira. Nkhupakupa zina zinafadi. Patatha masabata awiri makutu anali atadzazanso.

Kenaka zinayamba kukwera makoma. Dzuwa likatentha masana unkaona timadontho tating'ono ngati njere za fodya tikuyenda pakhoma la aneba, kukwera mpaka kumalata, tina n'kulowera pawindo. Ine ndinkationa koma sindinkafuna kutiganizira. Mayi a mwana anayamba kusesa khoma ndi tsache m'mawa uliwonse, akulankhula okha mokweza mwadala kuti ndimve.

Loweruka lina ndikuchokera kuntchito cha m'ma 3 koloko, ndinawapeza mayiwo ataima pakhomo panga, mwana ali m'manja akulira. Amuna awo anali atakhala pakhomo pawo akupala matope kunsapato. Masteni anali pampando wawo pakhonde la nyumba yaikulu.

"Bwerani muone," anatero mayi a mwana, akupinda khutu la mwanayo. Kuseri kwa khutu kunali kabala kofiira, ndipo pachikhatho pawo panali nkhupakupa yomwe anali atangoizula. "Iyi ndi yachiwiri. Dzulo ndinapeza ina m'khwapa. Mwana wanga wasanduka galu wanu wachiwiri?"

"Ndiye mukufuna nditani? Ndizimange pachingwe?"

"Mukumva mmene akuyankhira, masteni?"

"Mwana wosasamba nkhupakupa zimamudziwa," ndinatero ine. Pafupi panali beseni lawo la madzi osambitsira mwana yemweyo. Ndinalimenya theche, linagubuduzika mpaka kumpanda n'kung'ambika pakati.

Bambo a mwana anasiya kupala nsapato n'kungondiyang'ana. Sanadzuke. Masteni nawo sanakweze mawu.

"Iwe mwanawe, tabwera kuno," anatero. "Ndakupirira zambiri pano. Ndikukupatsa masabata awiri. Akakwana, galu ameneyu ndisamuonenso pa poloti yanga. Ukafuna kupita naye limodzi, msewu ndi uwo."

Masiku otsatira ndinawathera kufunafuna koti galu apite. Mlongo wanga wa kwa Njewa anakana, ati ali ndi nkhuku, ndipo amuna ake sangalole galu wa zilonda. Abwana anati ndimumangirire kugalaja azilondera, koma agalu a kumeneko ndinkadziwa mmene amakhalira, amadya Lolemba n'kudzadyanso Lachisanu. Ndinafunsanso zipinda m'mapoloti ena, kwa Chinsapo komweko mpaka chakumunsi kumadimba. Kulikonse ndikatchula galu nkhani inkathera pomwepo, ndipo pena anali atamva kale za ine ndisanatsegule pakamwa. Mnzanga wina wakabaza anati njira yachidule ilipo, kumutengera kutali kumsewu wopita kumidzi n'kukamusiya. Ameneyo sindinamuyankhe bwino, ndipo mpaka lero sitipatsana moni.

Lachinayi m'mawa ndikutseka chitseko kuti ndizipita kuntchito, bambo a mwana anandiitana ali pa mulu wa njerwa.

"Aneba, musanapite tabwerani muone dimba lanu."

Ndinapita nditakonzeka, ndikuganiza kuti ndi nkhani ya beseni ija. Ndinawapeza atanjuta, atachotsa njerwa zingapo zapamwamba n'kuzisanja pambali. Anatukula ina ine ndikuona. Pansi pake panali nkhupakupa zikuluzikulu zija, koma zouma, zofota ngati khungu la mtedza, ndipo pambali pa iliyonse panali kamulu ka timazira tofiirira tonyezimira ngati mazira a nsomba. Anatukulanso ina. Pamenepo mazira anali ataswa kale, tiana tambirimbiri titaunjikana pamodzi, ndipo kuwala kutatifika tinayamba kubalalika.

"Ndakhala ndikudabwa kuti bwanji zonse zikukwera khoma langa lokha, osati lanu," anatero. "Ine ndakulira m'khola la ng'ombe, izi ndimazidziwa. Zotuwa zija mumaponya muno zija, ndimakuonani ndikajomba kutchalitchi, ndi zazikazi zokhuta. Ikakhuta imagwa yokha n'kumakwawa kufuna pobisala poti iikire mazira. Zambiri zimadyedwa ndi nkhuku panjira. Inu ndiye mumainyamula pakabaza, ulere, mpaka kukaitula pakhomo penipeni pa matenite."

"Ndiye bwanji osandiuza nthawi yonseyi?"

"Inu? Kukuuzani inu?" Anaseka pang'ono. "Aneba, mano ndili nawo ochepa kale."

Ndinaima pamenepo mtima ukutentha monga mwa masiku onse, koma panalibe womumenya. Dzanja lomwe linkaponya nkhupakupazo linali langa.

"Pa galu ndi pachiimilire pawo chabe," anapitiriza. "Zimadya n'kutsika. Kwawo ndi muno, ndi m'ming'alu ya khoma langali. Mungamusambitse bwanji, madzulo akabwera kudzagona apa zimukweranso zina. Ndipo china chomwe sindinawauze akunyumba n'chakuti ngakhale galuyo atachoka lero, izi zitsala. Zikasowa galu ziyamba ife. Ndiye ine si kuti ndikukukondani, ndikuganizira mwana wanga."

Anati muluwo uyenera kuphwasulidwa wonse, malowo awotchedwe, khoma limatidwe. Galu naye apite kudibi kwa anthu odziwa, osati kwa amakaniko.

Loweruka m'mawa ndinapempha kuntchito n'kupita ndi galu kudibi la agalu m'tauni. Tinayenda wapansi, chifukwa palibe minibasi ikanamulola mmene ankaonekeramo. Pamzere panali agalu a m'mayadi, onenepa, ubweya ukuwala, atabwera nawo antchito a m'nyumba. Mmodzi wa antchitowo anayang'ana galu wanga n'kukokera wake kutali.

"Ameneyu mwamuwamba kale, mwangobwera kudzamuthira mchere?" anatero, anzake n'kuseka.

Ndinamufunsa ngati galu ali nayeyo ndi wake, kapena iye ndi amene ali wa galuyo. Zikanapita patali, koma nthawi yathu inakwana.

Wotithandiza anali mayi wina wa vetenale, wamfupi, atavala gamubutsi. Anatukula mlomo wa galu n'kuyang'ana nkhama.

"Zayera ngati pepala. Magazi amuthera ameneyu. Nanga ubweya wapita kuti?"

"Ndinamupaka oyilo."

"Ndinu a kugalaja eti? Mumabwera ambiri. Galu si injini, achimwene. Mwachita mwayi kuti ali moyo."

Mawu anandifika pakhosi, koma mayiwo anali atagwira jakisoni pamwamba pa galu wanga, ndiye ndinawameza. Anamubaya, n'kumumwetsa piritsi la njoka zam'mimba. Chifukwa cha zilondazo sanamuponye m'dzenje ngati anzake, anamusambitsa pang'onopang'ono ndi kapu, akupewa maso ndi pomwe panasupuka. Anati ndizibwera naye sabata iliyonse mpaka zitatha, ndipo akalimba adzabayidwenso katemera wa chiwewe. Nditawauza za njerwa ndi za mwana wa aneba anagwedeza mutu ngati nkhani yomwe anaimvapo kambirimbiri. Anandipatsa kabotolo ka mankhwala opopera pakhoma ndi pansi, n'kundilembera muyeso wake papepala.

"Musawonjezere ngakhale dontho, ndikukudziwani anthu inu. Awa ndi a pakhoma, osati a pa galu. Ndipo mwana asayandikire mpaka pataumiratu. Mukazula nkhupakupa muziiponya m'kachitini ka palafini, osati pansi."

Chovuta chinali chisanafike. Njerwa zinali za masteni, ndipo kuti zisunthe panafunika kupempha. Ine kupempha sindinazolowere. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinawapeza pakhonde akusadzula masamba. Ndinavula chipewa n'kunjuta pansi pa sitepe.

"Lero kwagwanji? Wadwala?" anafunsa osandiyang'ana.

"Ayi masteni. Ndimati ndipemphe nawo. Tikufuna tisunthe njerwa zija."

"Njerwa za malemu bambo? Wapenga? Galu wako wandidzadzira nkhupakupa, pano ukufuna undiswerenso njerwa?"

Ndinafotokoza, koma mosokoneza, chifukwa theka la mphamvu zanga linali pa kugwira lilime. Mwamwayi bambo a mwana anatulukira atanyamula njerwa imodzi yokhala ndi mazira aja n'kuiika pa sitepe. Masteni anavala magalasi, anawerama, n'kubwerera m'mbuyo msanga.

"Muluwo wonse uli chonchi, masteni," anatero mmisiriyo. "Galu akachoka izi zitsala ndi njala. Zikatha kwathu zibwera kuno kunyumba yaikulu."

Masteni anavula magalasi aja.

"Za galu sindinasinthe mawu," anatero. "Njerwa sunthani. Koma muzigwire ngati mazira."

Tinayamba Lamulungu m'mamawa. Mayi a mwana ananyamula mwana wawo kupita kutchalitchi, ati akachokako akaswera kwa achemwali awo ku Likuni komweko mpaka madzulo. Galu ndinamumangirira kumtengo wa mango kutsogolo. Tinasonkha moto wa mapesi ndi udzu pakati pa bwalo. Ine ndinkanyamula njerwa imodziimodzi, kuikolopa ndi tsache pamwamba pa moto, kuidutsitsa m'malawi, n'kuwapatsira anebawo, iwo n'kumasanja mulu watsopano kumpanda, kutali ndi nyumba, pamwamba pa malata akale. Mazira akagwera pamoto ankathetheka ngati mchere. Tiana tina tinkandikwera m'manja mpaka m'khosi, ndipo ndinavula malaya n'kuwaponya m'ndowa ya madzi otentha.

Ntchito ya njerwa sindinaizolowere. Pofika masana zala zinali zitatupa, msana ukuwawa kuposa tsiku lotsitsa giyabokosi. Anebawo ankagwira mwakachetechete, kupatula kundiuza kuti ndisamaponye njerwa ngati matayala. Titafika m'mizere yapansi tinapeza kuti njerwa zake zinamwa madzi a mvula zaka zonsezo. Ukangoigwira inkanyenyeka m'manja ngati chigumu. Ndinayesa kuzinyamula ndi manja awiri, koma zambiri zinathera pomwepo. Zidutswazo tinaziunjika pambali.

Malo atayera tinayalapo udzu n'kuwotcha, pamodzi ndi chiguduli chija. Kenaka ndinasungunula mankhwala molingana ndi pepala, n'kupopera pansi ndi khoma lonse mpaka kumalata, ndi sipuleya yomwe anebawo anabwereka kwa mnzawo wolima tomato kudimba. M'chipinda mwawo ndinapoperanso m'makona ndi m'mphepete mwa windo, katundu titatulutsa panja. Aka kanali koyamba kulowamo. Pomaliza iwo anakanda matope osakaniza ndi simenti pang'ono n'kumata ming'alu yonse yapakhoma, ine ndikuwapatsira.

Masteni anafika tili mkati momata. Anayang'ana mulu watsopano, kenaka anapita pa zidutswa zija n'kuima pamenepo nthawi yaitali.

"Zinadyeka kale ndi mvula, masteni," anatero bambo a mwana.

"Ndikuona ndekha."

Anawerama, anatola chidutswa chimodzi n'kulowa nacho m'nyumba. Tsiku limenelo sanatulukenso. Sindinadziwe ngati zimenezo zikutanthauza kuti nkhani ya galu yaipiratu, ndipo sindinafunse.

Sabata imeneyo galu ankagona pakhomo panga, pa katoni yomwe ndinkaisintha masiku awiri aliwonse n'kuwotcha yakale. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkamuyang'ana m'makutu ndi m'zala, kachitini ka palafini kali pambali. Lolemba ndinapeza zambiri ndithu, Lachinayi zochepa. Anayamba kudya, ndipo pamsana panayamba kumera tiubweya tofewa. Loweruka tinapitanso kudibi wapansi. Ndinagula beseni latsopano n'kuliika pakhomo pa aneba. Mayi a mwana analitenga n'kulowa nalo m'nyumba.

Lamulungu masana masabata awiri aja anali atakwana. Masteni atachokera kutchalitchi sanasinthe n'komwe zovala, anatulutsa mpando n'kuuika pakati pa bwalo, n'kutiitana tonse. Ine ndinabwera ndi galu pachingwe. Ndinali nditamanga kale zovala zanga m'chikwama, ngakhale kopita ndinalibe.

"Ine galu sindimugwira," anatero masteni. Anatembenukira kwa mayi a mwana. "Amene analumidwa ndi mwana wako. Ndiwe unene."

Mayiwo anapereka mwana kwa amuna awo. Galu sanamuyang'ane n'komwe. Anapita kukhoma lawo n'kuyamba kuliyendera pang'onopang'ono, nkhope ili pafupi ndi njerwa, kuyambira pakona mpaka pawindo. Anakwera pa ndowa n'kuyang'ana pamwamba pa felemu. Atatsika anabwera atatambasula chala. Panali tinkhupakupa tiwiri, tamoyo.

"Izi n'chiyani?"

"Zotsalira zimenezo," anatero amuna awo. "Zina zinabisala kumalata. Zizituluka pang'onopang'ono kwa miyezi, bola kumapopera."

"Sindikufunsa inu."

Onse anandiyang'ana. Ndinali ndi mayankho atatu okonzeka, onse oipa. Ndinakulunga chingwe cha galu padzanja mpaka zala zinachita dzanzi.

"Ndi nkhupakupa, mayi," ndinatero. "Ndinaziweta ndine. Ndipoperanso."

Anatiphwanya ndi chikhadabo pa ndowa ija.

"Zachepa, ndaona. Sabata ino mwana sindinamupeze nayo ngakhale imodzi. Koma ine zomwe zikundiwawa si nkhupakupa. Munanena kuti mwana wanga sasamba, pamaso pa anthu. Pakamwa panupo palibe dibi lake?"

Bambo a mwana anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Masteni sanaseke.

"Ndinalakwitsa," ndinatero. "Pepani. Mwana wanu amasamba."

"Mokweza, amve masteni."

Ndinabwereza mokweza. Mawuwo anatuluka ngati ndikukalipa, koma anatuluka.

Mayiwo anatenganso mwana wawo n'kumubereka. Anati galu akhale, koma azigona kukhomo kwanga, pa simenti, osati padothi kapena kuseri kwa nyumba yawo. Anati kupopera ndizipopera ine, kwawo ndi kwanga komwe, nthawi iliyonse yomwe a vetenale anena, popanda iwo kundikumbutsa. Anatinso matewera akakhala pachingwe galu azikhala womangirira.

"Wamva," anatero masteni akudzuka. "Ikadzapezekanso ina pa mwanayu sitidzakhalanso pansi. Tenga mpandowu ukaike pakhonde."

Ndinakaika mpando. Pobwerera ndinapeza bambo a mwana ali pakhomo panga akuyeza pansi ndi mapazi, atatu uku, anayi uku. Simenti yotsala pomata khoma inalipo, mchenga ndinakatuta ndi ndowa kumsewu. Tinathira zidutswa za njerwa zija pansi, masteni ataloleza ndi mutu ali pawindo, n'kuwaka pamwamba pake. Anebawo atangomaliza kusalaza, galu anadzuka pomwe anagona n'kudutsa pakati penipeni.

"Choka, chitsiru!" anakuwa. "Aneba, gwirani galu wanuyu, apo ayi ndimuwakira momwemo."

Ndinamugwira n'kukamutsuka mapazi kumpopi, iwo n'kuyambiranso kusalaza. Anati pasapondedwe kwa masiku atatu, ndipo ndizithirapo madzi m'mawa ndi madzulo kuti pasang'ambike. Masiku atatuwo galu anagona m'chipinda mwanga, pafupi ndi chitseko, ine n'kumasula chikwama kubwezera zovala pamsomali.